Mmene Ndidalowera M'zithunzi za Agogo Anu

Iwe Lusiya, cholembera chili m'manja? Ulembe mmene ndikulankhuliramu, usandikonze. Kushikola sindidapondeko, koma pakamwa panga sipafuna pulofesoro. Enanu khalani pansi. Iwe Zeka, chotsa telefoniyo pamphuno panga. Kuyambira m'mawa wandijambula ndikusenda kachewere, wandijambula ndikuyasamula, mawa udzanditsatira kubafa.

Ana inu zithunzi mumangoziwaza ngati madeya a nkhuku. Nthawi yathu chithunzi chidali chinthu chokonzekera. Munthu unkasamba mpaka kuseri kwa makutu, kudzola mafuta a nsatsi, kubwereka nsapato kwa mnansi, zikuthine zisakuthine. Ukatero uime njo, manja m'mbali, kapena unyamule wailesi ngakhale yakufa. Kuseka ayi. Ukaseka ankati wawononga foto. Ndipo chithunzi chidali cha munthu, basi. Palibe ankaganiza zojambula china.

Kupatula agogo anu aamuna, a Simau.

Iwo aja sadali a kuno. Adachokera ku Tete, kumunsi kotentha kuja, kwa malambe ndi mbuzi zowonda. Boma lidawatumiza kudzakhala pulofesoro, ndiye kuti mphunzitsi, kuno ku Tsangano. Adafika nthawi yozizira atavala kamalaya kamodzi, mano akugundana. M'mawa mwake atatuluka n'kuona nkhungu itagona m'zigwa, mapiri akusuzumira pamwamba, minda ya tirigu ndi kachewere ili biriwiri, munthu uja adangoima kukamwa yasa. Ine ndinkachokera kumadzi. Ndidaganiza kuti akuyang'ana ine. Ndidayenda mothyola chiuno mpaka madzi kutayika, osadziwa kuti maso awo ali paphiri la kumbuyo kwanga. Zimenezi adandiuza titakwatirana kale, mochedwa.

Adalowa m'mudzi mwathu ngati mkamwini, wopanda m'bale ngakhale mmodzi kuno. Katundu wawo adali mabuku, magalasi a m'maso, ndi makina ojambulira amene padiri wina, wansembe, adawasiyira pobwerera kwawo. Kabokosi kakuda, kachingwe kachikopa. M'kati ankaikamo rolo, kanthu kokulungakulunga, ndipo rolo ikatha basi, palibe kujambula mpaka upeze ina. Ndiye ukaipeza kuti? Mu loja nthawi ya nkhondo mudalibe ngakhale mchere kapena sopo, mudangotsala wogulitsa ndi ntchentche. Alongo anga a Matiyasi ndiwo ankakankha kachewere panjinga kupita naye ku Malawi, pobwera n'kutitengera mchere, sopo ndi rolo ya alamu awo. Rolo yakutha ankapita nayonso komweko kukatsukitsa.

Ndiye rolo yovuta chonchi, agogo anu ankajambula nayo chiyani? Mapiri. Mitambo. Nkhanga zikuwoloka njira. Gwape, koma gwapeyo atathawa kale, pachithunzi n'kungotsala udzu. Tsiku lina adagona chafufumimba m'mame theka la m'mawa kudikira mbira ituluke pamwala. Amayi anga atawaona adandiitana. "Iwe, mkamwiniyu mwala uja akuujambuliranji? Uli ndi abale ku Joni oti awatumizire?"

Ine ndidapempha mwaulemu, nditagwada. Ndidati, "Bambo a Joze, inenso mundijambuleko kamodzi."

Iwo ati, "Nambewe, inu ndimakuonani tsiku ndi tsiku. Kuwala uku kukapita sikubweranso."

"Nanga ine ndikapita?"

"Mupita kuti? Mudzi ndi wanu uno."

Lamulungu lina ndidavala kapulana yanga yatsopano, chitenje chamaluwa, duku loyera mbuu, n'kukaima patsogolo pawo penipeni. Adandiyang'ana, n'kumwetulira, mtima wanga n'kuti lero ndi lero. Ati, "Tapatukani pang'ono, mukutchinga phiri."

Iwe Zeka usaseke. Amuna a m'banja mwanu nonse muli chimodzimodzi.

Nzeru idandibwerera mwangozi. Zithunzi zina zitabwera kuchokera ku Malawi, ndidamva akudandaula, ati wina wawawonongera chigwa. Nditasuzumira ndidaona kadontho koyera pakona, kakang'ono ngati nsabwe, katasenza nkhuni. Kadali ine! Ndidakondwa ngati ndalandira ng'ombe. Ndidafunsa kuti nanga pojambula simudandione? Ati ayi, poti akamaika diso pakabowo ka makina amayamba avula magalasi, chifukwa amagundana. Ndipo akavula magalasi, phiri amaliona, koma munthu ali patali sangamusiyanitse ndi chitsa.

Ndidangoti, "Pepani, bambo." Koma m'mimba ndidasunga.

Nthawi imeneyo nkhondo tinkaimva ngati mvula ya kutsidya, koma inkayandikira. Uku wamva galimoto yawotchedwa, uku wamva mudzi wathawa. Asilikali adamanga kwatelo, ndiye kuti msasa wawo, pachitunda cha pamwamba pa mlatho. Munthu sunkayenda ulendo wopanda giya, kapepala ka chilolezo. Anthu adasiya kukhulupirirana. Ukagula mchere wambiri ankati ukudyetsa a m'tchire, omenyana ndi boma aja. Ukayang'anitsitsa msilikali ankati ukumuwerenga.

M'masiku omwewo azakhali anga adamwalira ku Chidzolomondo, ku Makanga, kumene adakwatiwa. Maliro adatipitirira, koma tidayenera kukapepesa. Agogo anu adapempha giya, n'kuika rolo yatsopano m'makina. Ine ndidalongedza chimanga chokazinga, mbatata yootcha, thobwa m'chipanda, ndi duku langa loyera.

Ulendo umenewo, ana inu, si uwu mumakwera njinga yamoto n'kufika fumbi lisanakhazikike. Tidakwera pamwamba pa matumba m'lole, aliyense maso kutchire. Lole itatitsitsa tidayamba wapansi. Kudutsa minda ya fodya, zigafa zili mbali ndi mbali, midzi yotalikirana mwakuti ukapempha madzi pano umwe okwanira. Ine katundu kumutu, iwo kabokosi pakhosi. Paliponse pokongola ankaima. "Nambewe, tsogolani, ndikupezani."

Ndinkatsogoladi. Ndikafika pachulu kapena pamtengo ndinkatula katundu, n'kubisala, n'kumawasuzumira. Ndinkadziwa mwambo wawo wonse. Choyamba chipewa pansi. Kenako bondo limodzi pansi. Kenako magalasi m'thumba. Akangoti makina pamaso, ine tulukiru! Pena kuima njo, pena dzanja m'chiuno, pena kungotulutsa mutu. Akamavalanso magalasi, ine ndili kale panjira ndi katundu wanga, mkazi waulemu.

Malo ena tidapeza anyani atakhala pathanthwe, akuotha dzuwa. Agogo anu adanjenjemera ndi chimwemwe. Ine ndidazungulira kuseri, kukwawa m'chitedze, Ambuye andikhululukire mmene ndidadzikandira sabata imeneyo, mpaka ndidatulutsa mutu pakati pa miyala, pafupi ndi chinyani chachimuna. Chidandiyang'ana, ine n'kuchiyang'ananso. Tonse tidakhala chete ngati tagwirizana.

Titabwerera kuno rolo idali isanathe. Adaimalizira pafupi pompano, pamunda wa mapichesi, pachitsime, pamsewu wa ku Ntengo-Wambalame, ndipo monsemo ine ndidalimo. Chithunzi chimodzi chokha ndicho chidandiphonya. Tsiku limenelo ndinkakumba kachewere ndi amayi, iwo n'kupita okha kumtsinje. Adapeza nantchengwa ataima pansi pa mlatho, n'kumujambula. Mbalame adaiona. Koma kuti kumbuyo kwa mbalameyo kuli mlatho wonse, ndipo pamwamba pake pali kwatelo, zimenezo sadaziganize.

A Matiyasi pobwera ndi zithunzizo adaimitsidwa pamsewu, asilikali n'kuwasecha. Adatsegula phukusi, n'kupeza mapiri, njira, mitsinje, mlatho. Alongo anga mantha adawagwira, adangoti, "Si zanga, ndi za alamu." Sindiwada. Mfuti ikakuloza pamimba, chilamu chimachepa.

Agogo anu adakawatenga m'kalasi ana akuona. Adawamanga zigongono kumbuyo n'kupita nawo kukwatelo. Mbiri idafika m'mudzi kuti a Pulofesoro ndi kazitape, amajambulira a m'tchire njira, ndipo lole ikabwera awatengera ku Tete. Lemba bwino pamenepa, Lusiya. Masiku amenewo munthu wokwera lole imeneyo sankabwerako. Palibe maliro, palibe manda, ankangozimirira.

Ndidathamangira kwa amalume anga kuti akawalankhulire. Amalume adayang'ana pansi. "Mwana wanga, munthuyu kwawo sitikudziwako. Mkamwini ndi mlendo. Tikapitako atifunsa kuti inunso muli momwemo." Amuna onse a m'mudzi tsiku limenelo adapezeka ndi ntchito kudimba.

Kutacha ndidasiya Joze, atate anu, m'manja mwa amayi. Ndidaphika kachewere, n'kuika m'dengu, n'kumanga duku loyera lija. Ndidauyamba wa kukwatelo.

Komandante, mkulu wa asilikaliwo, ndidamupeza pansi pa bulugamu, patebulo. Adali mnyamata ndithu, wochokera kumwera, Chichewa chake chopindika ngati mpini wa khasu. Zithunzi adaziyala patebulopo, chilichonse atachitsendereza ndi kamwala chifukwa cha mphepo. Agogo anu adali pansi, milomo yotupa, mapazi otupa, poti adawakwapula kuzidendene. Magalasi adali patebulo. Pambali pa agogo anu padali bambo wina womangidwanso, wa nkhani ya mchere.

Ndidapeza mlandu uli m'kati. Komandante ankamenya tebulo. "Kamarada pulofesoro, ine foto ndimaidziwa. Foto imakhala ndi munthu. Foto yopanda munthu ndi mapu! Mapu awa mukupatsa ndani?"

Agogo anu, m'malo mopepesa, adayamba kuphunzitsa. "Komandante, nkhani ndi kuwala. Mukaona mmene dzuwa likugwera pachitundachi..."

"Kuwala? Ndiye mumapatsana zizindikiro ndi kuwala?"

Ndidaona kuti munthuyu akalankhulanso kawiri adzikweza yekha m'lole. Ndidagwada, n'kuomba m'manja. "Odi, a komandante. Ndabwera kudzaona zithunzi zanga."

"Zanu? Inu ndani?"

"Ndine mkazi wa awa. Ndamva kuti zithunzi zanga zafika, ndiye ndati ndizione ndisanafe, poti ndazivutikira."

Adandikodola, ndikuganiza kuti ankafuna kuona misala yanga ikathera pati. Ndidayenda ndi mawondo mpaka patebulo. Zithunzizo nanenso ndidali ndisanazione. Bwanji ngati sindidatulukemo? Ndidatenga choyamba. Phiri, mitambo, chulu. Ndipo pambali pa chulu, kamunthu ka duku loyera, dzanja m'chiuno.

"Ndine uyu."

Adayandikiza diso. Adayang'ana duku la pachithunzi, n'kuyang'ana la kumutu kwanga.

"Apanso ndine uyu, kuseri kwa mtengo. Apa mwendo uwu ndi wanga. Apa ndikupatsa moni." Ndinkatola chimodzichimodzi ngati ndikusankha nyemba. Asilikali ena adayamba kuyandikira. Titafika pa cha anyani, mmodzi adaloza ndi chala. "Nanga uyu?"

"Ameneyo ndine, mwana wanga. Nyani ndi wa kumanjayu."

Wina adaphulika kuseka n'kudzigwira pakamwa. Komandante adatola magalasi n'kuwaveka yekha agogo anu, n'kuwaikira chithunzi pamphuno. Ana inu, nkhope imene ndidaona pamenepo sindidzaiiwala. Munthu womangidwa, imfa ili pakhomo, koma atandiona pakati pa anyani ake adandiyang'ana ngati ndamuphera ng'ombe. Rolo yonse! Milomo yotupayo idayamba kugwedera kuti andikalipire.

Ndidawalanda mawu. "A komandante, ndinene zoona ngakhale zili zamanyazi. Bambowa amandikonda moipa. Sandilola kupita ngakhale kunkhuni osandijambula. Koma luso alibe. Maso ndi akufa, manja amanjenjemera. Akati ajambule ine, amagwira phiri. Ndimawauza kuti yandikirani, iwo ati ndikudziwa ine ndine pulofesoro. Onani mmene andichepetsera, mkazi wathunthu ngati ine."

Komandante adatembenuka. "Pulofesoro, ndi zoona? Simudziwa kujambula?"

Ine ndinkawayang'ana agogo anu, m'mtima ndikuti, bambo inu, mezani, mezani basi. Munthu uja ukadamuuza kuti sadziwa kulima akadavomera akuseka. Koma kujambula! Ndidaona kholingo likukwera, likutsika.

Adati, "Ndi zoona, komandante." Mawu ake ang'onoang'ono. "Sindidziwa."

Ndidati tapulumuka. Koma komandante adali atasunga chimodzi pansi pa chipewa chake. Adachitulutsa pang'onopang'ono n'kuchiika patsogolo panga. Mlatho. Kwatelo pamwamba, ngakhale mbendera ikuoneka. Kambalame pansi.

"Pronto, chabwino. Apa muli pati, mayi?"

Ndidafunafuna, mwina Mulungu adandiikamo osandiuza. Mudalibe. Pakona pa chithunzicho padali chitsamba chowirira, m'mbali mwa madzi. Ndidaika chala pamenepo.

"Ndili kuseri uku."

"Kuseri? Mukutani kuseri?"

Ndidakoka duku kuphimba kumaso. "A komandante, inu muli ndi amayi anu kwanu?"

"Yankhani!"

"Dzulo lake tidadya nyemba zosapsa bwino." Ndidadikira pang'ono kuti zilowe. "Ndidawauza kuti bambo, kuno kokha musanditsatire. Koma nsanje! Ati mwina mwapangana ndi msilikali. Adaima pamenepo ndi makina awo kudikira kuti nditulukire, ndiye chala chidafulumira. Ngati simukukhulupirira tiyeni ndikakuonetseni pamalopo. Mvula sidagwe, umboni uyenera kuti ukadalipo."

Msilikali amene adali kumbuyo kwanga adakhala pansi ndi mfuti yake yomwe. Wina adathawira kuseri kwa tenti, tinkangomva akutsokomola. Komandante adalimbana nako kuseka, adaluma mlomo, adayang'ana kumwamba, koma kudamugonjetsa. Adaseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa. Ndipo munthu ukaseka naye chonchija, kumukweza m'lole kumavuta.

Adalamula kuti awamasule. Kenako adanyamula makina aja, n'kuwatembenuza uku ndi uku. "Pulofesoro, poti mwavomera nokha kuti simudziwa, chida ichi chikungowonongeka m'manja mwanu. Chitsala kuno." Zithunzi zonse adazisonkhanitsa n'kuziika m'thumba lake, ati akaseketse anzake. Kachewere wanganso adatsala komweko, ndi dengu lomwe.

Mwaseka mokwanira, tsopano tamverani. Bambo wa mchere uja adalibe chithunzi choti wina alozepo chala. Potuluka ife adangotiyang'ana. Lole idabwera, ndipo mkazi wake adamudikira mpaka tsitsi kuyera. Ulembenso zimenezo.

Zingwe zitachoka, manja a agogo anu adangolendewera ngati si awo. Adayesa kuima, mapazi adakana. Adafika pachipata chokwawa. Njinga padalibe, wothandiza padalibe, ndipo ine sindidafune kukhala pamenepo mpaka komandante asinthe maganizo. Ndidavula kapulana yapamwamba, n'kuwerama. "Kwerani."

"Nambewe, ine ndine pulofesoro. Ana anga a shikola andiona."

"Akuonani, inde. Kwerani."

Ndidawabereka ngati khanda, n'kumanga mfundo pachifuwa. Mwayi wake anthu a ku Tete ndi opepuka. Tidatsika chitunda, kuwoloka mlatho womwewo, miyendo yawo ikulendewera m'mbali mwanga. Amayi a kumtsinje adasiya kuchapa. Amuna aja a ntchito zakudimba adasuzumira m'mabango. Ine mutu patsogolo.

Ndinkadikira kuti mwina anena zikomo. Tidayenda kamtunda, mpweya wawo wotentha pakhosi panga. Kenako ndidamva, pansipansi:

"Mwandinyoza pagulu."

"Eya."

"Rolo yonse, Nambewe. Ngakhale anyani."

"Ngakhale anyani."

Tikukwera kachitunda kolowera kwathu, ine befu, dzuwa lidatulukira pansi pa mtambo n'kuwalira tsidya lonse lija la tirigu. Ndidamva munthu akuwongoka kumsana kwanga.

"Taimani pang'ono. Taonani phiri lija mmene..."

Ndidati, "Bambo a Joze, mukangotchulanso phiri, ndikutsitsani pompano mukwawe."

Sadalitchulenso mpaka kunyumba. Koma njira yonse ndinkamva khosi lawo likutembenuka.

Tseka pamenepo, Lusiya, kukhosi kwauma. Wina andipatse madzi.